Simu ya Tsidya la Ruo

"Takwezani m'mwamba foniyo, a tutora, mwina ikunama chifukwa netiweki yachepa," anatero Nélia.

Arlete anaikwezadi mpaka mkono unayamba kuwawa. Anali ataima pamsonga pa chulu chachikulu cha kuseri kwa tchalitchi ku Majaua, ndipo m'munsi mwake munali anthu asanu ndi anayi atakweza nkhope kumuyang'ana. Atatsitsa mkono anapeza mawu ali omwe aja. Pambali pa dzina lililonse panali liwu limodzi lachipwitikizi, lofiira: anulado. Onse amene anali pamenepo anali aphunzitsi, choncho panalibe wofuna womasulira. Mayeso awo omaliza anali atafafanizidwa.

"Tonse?" anafunsa a João Baptista, wamkulu wa gululo, amene anakhala pachitsa atagwira chipewa m'manja.

"Nonse, bambo."

"Alemba chifukwa?"

Chifukwa chinalipo, ndipo Arlete anali atachiwerenga kale kawiri chamumtima. Anachiwerenga mokweza. Sukulu inati mayeso onse asanu ndi anayi analembedwa kunja kwa dziko la Mozambique, pa laini imodzi ya foni, nthawi imodzi. Inati ikukhulupirira kuti munthu wina wa ku Malawi ndiye anawalembera. Ndipo inati onsewo asadzalembenso mpaka patapita zaka zitatu.

"Kunja kwa dziko!" Nélia anawomba m'manja kamodzi. "Chulu chimenechi chinasamukira liti ku Malawi? Kapena namondwe Freddy anachinyamula pamodzi ndi malata athu, ife osadziwa?"

Wina anayesa kuseka, koma kusekako kunathera pakhosi.

Anthu asanu ndi anayiwa ankaphunzitsa m'masukulu a m'midzi yozungulira Majaua popanda satifiketi ya uphunzitsi. Akuluakulu a zamaphunziro anali atawauza kale kuti pofika Disembala, wopanda pepala sadzakhalanso pantchito. N'chifukwa chake analembetsa maphunziro a pa intaneti ochokera ku sukulu ina ya ku Quelimane. Aphunzitsi a kumeneko sanawaonepo nkhope, amangoona mayina awo pafoni. Munthu amene amamuona ndi maso anali Arlete, mtsikana wa konkuno amene sukuluyo inamulemba kuti aziwatsogolera, ndipo onse ankamutchula kuti a tutora.

Ntchito imeneyi pepala limaifotokoza ndi mizere itatu, koma Arlete inamuthera matayala awiri a njinga. Ankawakumbutsa masiku otumizira ntchito. Ankafotokoza m'Chinyanja, nthawi zina m'Chilomwe, zimene zakanika kumveka m'Chipwitikizi. Munthu akakhala chete pagulu sabata yathunthu, Arlete ankapalasa njinga kukamupeza kumunda kwake, n'kukhala naye pamzera wa chinangwa mpaka atavomera kuti sasiya. Anawaphunzitsa a João kulemba pafoni ndi zala ziwiri, ndipo anavutika miyezi itatu kuwaletsa kuyamba yankho lililonse ndi moni wofunsa za moyo wa aphunzitsi a ku Quelimane, akazi awo ndi ana awo omwe. Zaka ziwiri zinatha popanda ngakhale mmodzi wosiya. Arlete ankanyadira zimenezi, ndipo mwina ankanyada mopitirira muyeso.

Kenako m'mwezi wa Malichi kunabwera namondwe uja. Nyumba zinagwa, mlatho wa pamsewu wa ku Milange unapita ndi madzi, ndipo antena ya netiweki inagona pansi ngati mtengo wa papaya. Anthu anakhala m'tchalitchi masabata angapo, kenako anabwerera m'mabwinja mwawo kukayamba kutola zimene zinatsala. Koma kalendala ya ku Quelimane sinanyowe. Mayeso omaliza anakhalabe m'mwezi wa Meyi, ndipo nthawi imeneyo kunalibe galimoto yofika ku Majaua.

Nzeru inabwera yokha, popeza inali nzeru ya aliyense wa m'malire. Munthu wa ku Majaua saona Malawi ngati dziko lakunja. Ndi tsidya chabe, kumene amagulako mchere, kumene kuli azakhali ake. Ambiri amayenda ndi simu ziwiri m'thumba monga amayendera ndi ndalama za mayiko awiri. Arlete anatulukira kuti pamsonga pa chulu chija pamagwira netiweki ya tsidya la mtsinje wa Ruo. Anaika simu ya ku Malawi m'foni yake, n'kuimangirira kunsonga kwa nsungwi kuti izigawira intaneti ku mafoni a onse. Tsiku la mayeso anawayalira mphasa motalikirana, anawalanda makope onse n'kuwaika m'thumba, iye n'kulikhalira. Ankangodzuka pothamangitsa mbuzi. Palibe mayeso amene analonderedwa mwankhanza chotero m'boma lonse la Milange.

"Ine ndifunse," anatero Nélia tsopano, atamanga manja pachifuwa. "Ndani anati tilembere pa simu ya tsidya?"

"Ndine," anayankha Arlete.

"Munafunsa kwa eni sukulu?"

"Sindinafunse. Sindinaganize kuti pali chofunsa."

"Ndiye ife tizitchedwa akuba chifukwa inu simunaganize? Ana amene ndimawakwapula akaonera mayeso andiona bwanji? Mwamuna wanga anagulitsa njinga kuti ndigule foni iyi, a tutora. Ndikamuuze chiyani?"

"Nélia, mwana wanga, basi," anatero a João mofatsa. "Pakanapanda nsungwi ija sitikanalemba n'komwe. Tonse tinaivinira tsiku lija, iwenso unavina."

Anthu anabalalika mmodzimmodzi, osatsanzikana bwino. Arlete anatsika pachulu n'kukhala pansi pafupi ndi chitsa chija. Ankafuna kuti a João amukalipire. Kufatsa kwawo kunkamupweteka kuposa pakamwa pa Nélia.

A João anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu. Anathawa nkhondo ali mnyamata, anayamba kuphunzitsa ana pansi pa mtengo ku kampu ya othawa kwawo ku Malawi, ndipo atabwerera mu 1994 anapitiriza ntchito yomweyo pasukulu imene anaimanga ndi manja awo. Nkhondo inawadyera zaka zoti akanapeza pepala, umphawi unadya zotsalazo. Achinyamata a m'gululo akanatha kudikira zaka zitatu n'kudzafunsiranso ntchito. Koma munthu wa imvi akangochoka pamndandanda, palibe amamulembanso. Arlete ankadziwa zimenezi, ndipo iwonso ankadziwa kuti akudziwa.

"Ku kampu kuja ankatitcha a ku Mozambique," anatero a João akupukusa chipewa chawo. "Titabwerera kuno, atimva tikuyankhula, anati awa ndi Amalawi. Ndinkati ndi pakamwa pa anthu chabe. Kani ndi makina omwe akudziwa kuti ife tilibe kwathu."

"Ndipita ku Milange mawa, bambo. Ndikawafotokozera. Akangomva za chulu amvetsa."

"Pitani, a tutora. Koma kale ankati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Ndaona lero kuti mwambiwo sunakalambe." Anaseka pang'ono kuti asamupweteke, koma mawuwo anali atalowa kale.

M'mawa mwake Arlete anapalasa njinga mpaka pamlatho wogumuka, anaisiya kwa mayi wina wogulitsa nthochi, n'kuwoloka pa mitengo imene anthu anayala pamadzi. Tsidya linalo anakwera chapa, minibasi yodzaza matumba a nyemba ndi malata atsopano. Njira yonse ankayeserera mawu ake. Ankaona kuti nkhani yake ndi yoyera ngati ufa, yoti munthu aliyense wamutu wake akangoimva aseka n'kukonza.

Ofesi ya sukuluyo ku Milange inali chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa msika. Woyang'anira wake, kapena kuti shefi, a Telmo, anali munthu wonenepa pang'ono, wa maso otopa, amene nyumba yake nayonso inali isanafoleredwe chichokere namondwe. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezi zinangowonjezera kuvuta kwa nkhaniyo. Anamvetsera zonse, za antena, za nsungwi, za thumba la makope, mpaka za mbuzi. Atatha anatembenuza kompyuta yawo kuti Arlete aone.

"Mukuona apa? Makina akuti mayesowa anachokera ku Malawi. Asanu ndi anayi, laini imodzi."

"Koma tinali ku Majaua, a shefi. Kuseri kwa tchalitchi. Bambo mfumu angachitire umboni."

"Ndikukukhulupirirani, mana Arlete," anatero, akumutchula kuti mlongo m'Chipwitikizi. "Inenso ndili ndi simu ya tsidya, nayi m'thumbamu. Koma kompyuta sidziwa chulu. Ndipo anthu a ku Quelimane malire amawaonera pamapu. Kwa iwo Malawi ndi kunja, monga dziko la Apwitikizi." Anakanda pamphumi. "Chaka chatha anagwira anthu kwinakwake amene analipira munthu wakunja kuti awalembere. Chichokereni pamenepo anaika lamulo. Tinatumiza uthenga kwa atutora onse mu Epulo, kuti mayeso azilembedwa pa laini ya dziko lino basi."

"Munatumiza pa nambala iti?"

"Yanu imene."

"Ya kuno? Imene antena yake inali gone m'matope?"

"Safunsa anadya phula," anatero a Telmo, koma motsitsa mawu, ngati munthu amene akudziwa kuti mwambiwo ukumukhudza iyenso.

Arlete anapempha chinthu chimodzi. Anati awalole anthuwo abwere ku Milange, popeza tsopano msewu wayamba kuyendeka, adzalembe mayeso ena pamaso pa a Telmo eni ake. Ngati sizitheka kwa onse, alole a João okha. Anafotokoza za zaka zawo, za kampu, za Disembala. Analankhula mpaka anazindikira kuti wagwada, chinthu chimene sanakonze.

"Dzukani, dzukani, musandichititse manyazi," anatero a Telmo. Anatenga foni n'kuimba ku Quelimane. Analankhula ataimirira, m'Chipwitikizi chaulemu chija chimene munthu amasungira akuluakulu. Poyamba anafotokoza mwamphamvu ndithu. Kenako mawu awo anayamba kufupika, mpaka anatsala ndi "sim, sim" yekha, "inde" wa Chipwitikizi. Atadula foni anakhala pansi mwamphamvu.

"Mayeso amatsegulidwa kamodzi pachaka, dziko lonse nthawi imodzi. Sangatsegulire munthu mmodzi. Akuti akatsegulira Majaua, mawa kubwera Mongue, mkuja kubwera aliyense amene denga lake linadontha."

"Ndiye basi?"

"Pali njira imodzi, koma sindikukulangizani." Anayang'ana kukhomo ngati kuli wina womvetsera. "Mukalemba kalata yonena kuti ophunzira sanadziwe kanthu, kuti ndinu munakonza zonse, dzina la kuba liwachoka. Zaka zitatu zija zichoka. Adzalemba Meyi wa chaka chamawa. Koma mayeso a chaka chino afa basi, sadzukanso. Ndipo inu ntchito yatha, popeza mwaswa lamulo la mayeso."

"Nanga ndikapanda kulemba?"

"Palibe akukufunsani. Pamakina dzina lanu silikuoneka." A Telmo anatsegula kabati n'kutulutsa pepala. "Taonani. Anthu makumi awiri ndi awiri alembetsa gulu latsopano la Majaua, loyamba mu Okutobala. Ambiri ndi atsikana. Inu mukachoka, gululi nditseka, chifukwa palibe tutora angavomere kukakhala kopanda netiweki ndi mlatho. Ndiye muwerengere bwino. Ndipo mdala wanuyo, mulembe musalembe, Disembala amupeza alibe pepala. Kalata yanu simubwezera choko m'manja."

Arlete anatuluka panja. Anayenda mpaka pamsewu waukulu wolowera kuchipata cha m'malire cha Muloza, n'kuima pamthunzi wa golosale. Njinga zinkadutsa zitasenza chimanga kupita tsidya, zina zikubwera ndi shuga. Pafupi naye mayi wina anatsegula foni yake, anachotsa simu, anailuma ndi milomo, n'kuikamo ina, akupitiriza kukambirana mtengo wa tomato. Palibe anamutcha wakuba. Arlete anamva mkwiyo, kenako mkwiyowo unaphwa n'kusiya kutopa kokhakokha.

A Telmo sananame, ndipo n'zimene zinkamuwawa. Anthu makumi awiri ndi awiri ndi ambiri kuposa asanu ndi anayi. Ena mwa atsikanawo anachita kuwakopa yekha, khomo ndi khomo, akulonjeza makolo awo kuti adzawayang'anira. Ntchitoyo ankaikonda, ndipo inalinso yokhayo imene anali nayo. Akanatha kubwerera ku Majaua n'kunena kuti a ku Quelimane akana, ndipo sikukanakhala kunama. Koma anadziona ataima pamaso pa gulu latsopanolo, akuwauza kuti amukhulupirire, a João akudutsa pamsewu ndi khasu paphewa, ana a sukulu akunong'onezana kuti aphunzitsi aja anawachotsa chifukwa choba mayeso. Anayesa kuliyang'ana tsiku limenelo mbali zonse, ndipo sanapeze mbali imene akanatha kuimirira.

Anabwerera mu ofesi muja n'kupempha pepala ndi cholembera.

Analemba zonse mwadongosolo, monga ankawaphunzitsira anthu ake kulemba: tsiku limene antena inagwa, kumene anagula simu, kutalika kwa nsungwi, mayina asanu ndi anayi. Analemba kuti palibe mmodzi wa iwo anaonera mnzake kapena kutsegula kope. Pomaliza anapemphanso za a João, ngakhale ankadziwa yankho. A Telmo anawerenga kalatayo mpaka pansi, n'kupuma mozama.

"Mwalemba ndi mtima, mana, osati ndi mutu."

"Mutu ndi umene unandipatsa nzeru ya nsungwi, a shefi. Dindani."

Anadinda.

Yankho linatenga masabata atatu. Linabwera mu envulopu imene woyendetsa chapa anaisiya pamlatho, kwa mayi wa nthochi uja. Munali mapepala khumi. Limodzi linali la Arlete, lomuthokoza chifukwa cha zaka ziwiri ndi kumuuza kuti dzina lake lachotsedwa pamakina a sukulu. Enawo anali a ophunzira, aliyense lake. Za gulu la Okutobala munalibe mawu, koma Arlete anali atayamba kale kuyenda m'makomo kukauza makolo kuti silidzakhalapo. Ena anamulandira mwaulemu. Bambo wina anamuuza kuti mwana wake anakana banja chifukwa cha malonjezo ake, ndipo sanamupatse ngakhale mpando.

Arlete anawapeza a João kusukulu kwawo. Makalasi awiri anagwa ndi namondwe, ndipo makolo anagwirizana zoumba njerwa kuti amangenso mvula isanabwere. A João anali m'nkhuti, buluku atapinda mpaka m'mawondo, akuponda dothi. Nélia anali pomwepo ndi amayi ena otunga madzi. Kutali pang'ono, kuseri kwa msika, amuna ovala zipewa zachikasu anali pamwamba pa zitsulo. Antena yatsopano inali itafika pakati.

"Mwaiona?" anatero Nélia akuloza ndi chibwano, asanapereke n'komwe moni. "Akuti sabata yamawa iyamba kugwira. Tizidzaimba foni tili gone pamphasa. Mvula yagwa chimanga chitauma kale."

Arlete anamupatsa pepala lake. Nélia anapukuta manja pachitenje n'kuliwerenga.

"Chaka chamawa," anatero. "Ndiye kuyambira Disembala ndizikagulitsa mandasi. Ndipo Meyiyo atatithandize kukonzekera ndani?"

"Makope anga ndikupatsani. Mukafuna, Loweruka tizikumanabe. Kungoti sindingathenso kulowa pamakina kuona zimene akutumizirani."

Nélia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Akuchotsani?"

"Eya."

"Munachita kudzipereka nokha?" Anapukusa mutu. "Inu a tutora, nzeru zanu zonse zimakhala zopweteka munthu. Ulendo uno mwadzipweteka nokha." Anasenza ndowa yake n'kumapita kumjigo, ndipo ali m'njira anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

A João anatuluka m'nkhuti pang'onopang'ono. Manja awo anali matope okhaokha, choncho anakana kugwira pepalalo.

"Ndiwerengereni, mwana wanga."

Arlete anawerenga. Pepalalo linati sukulu yafufuza ndipo yapeza kuti João Baptista sanachite chinyengo chilichonse pa mayeso a mwezi wa Meyi. Linati mayesowo sawerengedwa chifukwa cha kulakwitsa kwa tutora, ndipo akhoza kulembanso chaka chamawa.

"Za Disembala sananenepo?"

"Ayi, bambo. Ndinapempha kawiri. Ndinagwada. Akana. Ndikhululukireni. Ndakuphetserani ntchito ya moyo wanu wonse ndi kansungwi."

Iwo sanamutonthoze, ndipo sanamukalipire. Anayang'ana mizere ya njerwa zimene zinali kuuma padzuwa, kenako maziko a makalasi aja. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti makalasiwo adzatha mu Januwale, ndi kuti adzalowamo ndi mphunzitsi wina, wa pepala, wochokera kutali.

"Bwerezani pamene pali dzina langa," anatero.

Arlete anabwereza.

"Sanachite chinyengo chilichonse." Anawatchula mawuwo mmodzimmodzi monga ankachitira pophunzitsa ana a kalasi yoyamba. "Ndayamba kugwira choko inu musanabadwe. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna pepala limodzi lokha, lonena kuti João Baptista ndi mphunzitsi. Ndapeza lonena kuti si wakuba. Kaya, mwina ndi limene Mulungu anandilembera."

Anapita pamgolo, anasamba m'manja bwinobwino mpaka m'zikhadabo, n'kupukuta pamalaya. M'thumba la jekete lawo, limene linali pamtengo, anatulutsa kapulasitiki ka shuga kakale. Munali khadi lachikasu, lothetheka m'mphepete, limene anapatsidwa pokwera lole yobwerera kwawo mu 1994. Anapinda kalata ija kanayi, anaiika pamodzi ndi khadilo, n'kumanga kapulasitikiko.

"Meyi mudzalemba, bambo?" anafunsa Arlete.

"Ndidzalembere ndani?"

Arlete anaima pomwepo ndi envulopu m'manja, muli mapepala ena asanu ndi awiri oti akapereke kwa Yusufu ndi ophunzira anzake, midzi isanu ndi iwiri yoti akanene mawu omwewa. A João anabwerera m'nkhuti, anatenga chikombole, n'kuyamba kuchidzaza dothi.

"Dzuwa likupita, a tutora," anatero osatembenuka. "Kwa Yusufu n'kutali. Yambani kumeneko."

Palibenso amene anali ndi chifukwa chomutchulira dzina limenelo, koma Arlete sanawakonze. Anakankha njinga yake mpaka pamsewu, ndipo kumbuyo kwake anamva njerwa ina ikugwa pansi kuchoka m'chikombole.